Kwa Tiyamike, Asanapite Kukafufuza Milalang'amba Yakale

Mbagala, Dar es Salaam, Lachinayi masana

Mwana wanga Tiyamike,

Wangotuluka kumene kupita ku msika wa Kariakoo kukasaka jekete, ndipo mmene ilili foleni ya magalimoto pamsewu masiku ano ndikudziwa kuti subwerako msanga. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Ndili pa mpando wa malemu bambo ako, miyendo ndasanjika pa ndowa chifukwa maondo atupanso. Dzanja langa linazolowera mpeni ndi simbi, cholembera linachiiwala kalekale, choncho ukaona zilembo zikutsetserekera kumunsi usaseke.

Ndikulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti uwerenga movutikira, mawu ena uzichita kuwatchula mokweza kuti uwamve. Palibe kanthu. M'Chiswahili ndimatha kugula, kunenerera mtengo ndi kupepesa mabwana. Koma zimene zili m'kalata muno sizingatuluke m'chinenero chimenecho.

Ndatopa, Tiya. Sindikunena kutopa kwa lero lokha ayi. Ndikunena kwa zaka zonse zimene ndakhala ndikudzuka kusanache, kukankhana ndi anthu pakhomo la daladala, maminibasi athu aja, pa Kilwa Road, kukafika ku Msasani nditafooka kale, n'kuyamba kukolopa nyumba ya eni ake. Munthu wotopa alibe mphamvu zozungulira, ndiye undikhululukire ngati zina ndizinena mosakometsera.

Ndiyambe ndi ntchito yako, kuti udziwe kuti ndimamva ngakhale iwe umaona ngati ndikuwodzera. Amayi a kutchalitchi akandifunsa kuti mwana akupita kukatani ku Kepitauni, ndimawauza chonchi. Kumwambaku nyenyezi sizikhala mwachisawawa, zili m'magulu akuluakulu otchedwa milalang'amba. Ina mwa milalang'amba imeneyi ndi yakale kwambiri. Inabadwa zinthu zitangoyamba kumene, inakula mofulumira n'kukhala yolemera, kenako inasiya kubala nyenyezi zatsopano. Yambiri yotere pambuyo pake inagundana ndi inzake, inameza ing'onoing'ono, n'kusintha mpaka osazindikirikanso. Koma ilipo yochepa imene yafika lero ili mmene inalili kalelo. Mwana wanga akukafufuza chifukwa chake imeneyi inapulumuka, ndipo akuganiza kuti yankho lili pa malo amene ikukhala ndi zimene zaizungulira. Ndikafika pamenepo amayi aja amangoti, "Kodi," n'kusintha nkhani. Mmodzi anandifunsa ngati udzathe kumuonera tsiku lodzakwatiwa mwana wake, ndinamuuza kuti zimenezo ndi zina. Ngati pena ndaphonya, udzandikonze. Koma usadzanene kuti amayi anga sankadziwa chimene ndimachita.

Malangizo anzeru ndilibe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Chimene ndili nacho chambiri ndi zolakwa, ndiye ndikupatsa zomwezo, usankhemo wekha.

Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa tchuthi china ndinasowa wokusiyira, ndinapita nawe kuntchito. Nthawi imeneyo ndinkagwira kwa bambo ena okalamba, injiniya wopuma ntchito, amene tonse tinkangowatchula kuti Mzee. Pakhonde la m'mwamba anali ndi darubini yawo, chimpope chachitali chija choonera kumwamba, ndipo lamulo linali lakuti ife antchito tisachikhudze, ngakhale kuchipukuta fumbi. Tsiku limenelo kunali alendo, ndinachedwa kuweruka. Dzuwa litangolowa ndinakakuyang'ana kukhitchini kumene ndinakukhazika, kulibe. Ndinakwera masitepe mtima uli m'mwamba, ndipo ndinakupeza utaimirira pa kampando, diso lili pa chinthu chija, manja onse awiri atachigwira. Sindinafunse. Ndinakukoka dzanja n'kukuwomba mbama. Nditatembenuka ndi pamene ndinaona kuti Mzee ali pomwepo pakona, atakhala pa mpando wawo, ndipo kampando kaja anakuikira ndi iwowo. Anati, "Mama Tiya, mwanayu ndamuitana ndine. Musiyeni aone." Ine ndinayamba kupepesa. Ndinawapepesa katatu konse, nditagwada. Iwe sindinakuuze kanthu. Mu daladala pobwerera sunalire, tsaya lili lotupa choncho. Unangondikoka kanga, chitenje chimene ndinavala, n'kunena kuti, "Mama, mwezi uli ndi maenje." Ndinakuuza kuti ukhale chete, anthu akumva.

Kumene ukupitako ukalowa m'zipinda zokhala ndi makina odula kuposa nyumba zonse za mu mzere wathu uno. Ukakumana ndi anthu a Chingerezi chothamanga, ena akakufunsa kawiri kuti Mbagala ndi kuti. Mtima ukakuuza kuti ima pakhomo, usakhudze kanthu, pepesa. Mawu amenewo si ako, ndi anga, ndinakulowetsa ndi mbama ija. Usakawamvere. Anakuitana okha. Ukakhale pa mpando, ukagwire makinawo, ndipo chimene sunamve ukafunse mpaka umve. Ulemu ukapereke, ndinakulera nawo, koma kupepesa ukakusungire tsiku limene walakwadi.

Cholakwa china ndi cha kwathu ku Dedza. Ndinachokako iwe uli kumsana, uli ndi miyezi isanu ndi iwiri, kutsatira bambo ako amene anali atapeza ntchito yoyendetsa galimoto kuno. Agogo ako, amayi anga, anandiperekeza mpaka pamsewu. Iwo kutchona anali atakuona kale. Amuna awo, bambo anga, anapita ku Joni ine ndili wamng'ono, analemba makalata awiri, basi. Ndiye posiyana anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Iwe usakachite za abambo ako." Ndinaseka. Ndinati mukangokolola kawiri mundiona.

Sindinapite. Sikuti ndinawaiwala. Ndinkafuna kukafika ngati munthu wochokera ku Dar es Salaam, malata a nyumba yawo ali pamwamba pa basi, aliyense nsalu yake. Chaka chilichonse ndinkaona kuti zimene ndili nazo n'zochepa, n'kumati chaka chamawa. Mng'ono wanga Esinati ankalemba kuti amayi akufunsa, ine osayankha, manyazi. Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Uthenga wa matenda utafika ndinanyamuka tsiku lomwelo, masiku awiri panjira, Mbeya, Songwe, Lilongwe, koma ndinakapeza ataika dzulo lake. Tili kumanda awiriwiri ndinayamba kumufotokozera Esinati za malata aja, kuti ndinali pafupi kukwanitsa. Iye anati, "Achemwali, amayi sanafunsepo za malata. Ankangofunsa ngati mwana uja anamera mano." Nthawi imeneyo iwe mano amenewo anali atayamba kale kuchoka.

Tiya, usamadikire kukhala ndi choonetsa kuti uimbe foni. Ndikukudziwa, unatengera ine, zikakuvuta umakhala chete mpaka zitakonzeka. Ukalephera mayeso, imba. Aphunzitsi akakubwezera ntchito itadzaza inki yofiira, imba. Ngakhale ulibe nkhani, imba undiuze chimene wadya. Unandiuza wekha kuti pa ntchito imeneyi munthu amatha miyezi akuyang'ana manambala pa kompyuta osapeza kanthu. Miyezi imeneyo ndiyo ndikufuna kumva mawu ako. Za satifiketi ndidzamva ndi anthu ena.

China ichi unali wamng'ono, sungachikumbuke. Titangofika mumzinda muno tinkakhala ku Tandale, chipinda chimodzi m'nyumba ya mabanja asanu ndi limodzi, bwalo limodzi, mpopi umodzi. Chiswahili ndinali ndisanachidziwe, ndipo ndinkaopa kusekedwa. Ndiye madzi ndinkatunga ena asanadzuke, kuphika ndinkaphika chitseko chili chotseka, moni ndinkayankha ndi mutu. Moyang'anana nafe munkakhala mayi wina wogulitsa vitumbua, Mama Zuhura. Kawiri konse anandibweretsera mbale, kawiri konse ndinaibweza, ati sindidya zophika anthu osawadziwa. Ndinkadziuza kuti ndikusunga khalidwe la kwathu. Tsiku lina masana, bambo ako ali pa ulendo wa ku Morogoro, thupi lako linatentha, kenako unayamba kukomoka, maso atatembenuka. Ndinatuluka nawe pabwalo ndikukuwa m'Chichewa, ndipo panalibe womva chimene ndikunena. Njira ya kuchipatala sindinkaidziwa, pamene ndinali nditatha miyezi isanu ndi itatu mumzinda. Mama Zuhura anasiya mafuta ali pamoto, anakulanda m'manja mwanga, anakukulunga mu kanga yake n'kuyamba kuthamanga, ine pambuyo. Ndi iye anakalankhula ndi anamwino, ndi iye anakhala nane pa benchi mpaka madzulo. Anali malungo. Pobwerera anandiuza mawu amene ndinawamva ngakhale Chiswahili changa chinali choperewera. Anati, "Mlango wako uwe wazi, dada." Chitseko chako chizikhala chotsegula. M'mawa mwake ndinadya vitumbua vyake vinayi nditakhala pa mkeka wake.

Unandiuzapo kuti ina mwa milalang'amba yako imapulumuka chifukwa ili pakati penipeni pa chigulu cha milalang'amba inzake, pamene yonse ikuthamanga kwambiri moti imangodutsana osaphatikizana, ndipo ina mwina chifukwa ili yokhayokha kutali kopanda woigunda. Ndinaseka, ndinati ndiye ngati pa siteji ya daladala m'mawa, anthu pikitipikiti koma palibe wodziwa dzina la mnzake. Iwe unakwinya nkhope, unati, "Mama, si watu." Unanena zoona, imeneyo si anthu. Ikhale choncho yosakhudzidwa, n'zabwino kwa iwe woifufuza. Koma iwe ndiwe munthu, ndipo munthu wotere amadwalira yekha m'chipinda. Ukafika ukadziwe dzina la wokhala chitseko choyang'anana ndi chako. Akakupatsa chakudya chachilendo, ukadye. Ukapeze tchalitchi, ngakhale nyimbo zake zikhale zosakoma. Amalawi aliko ambiri kumeneko, ukawapeze, koma usakadzitsekere mwa iwo okha. Ndipo usakaope kusintha. Ukadzabwera ukulankhula mwina, ukudya mwina, sindidzakunena. Ine amene ndinalimbikira kusasintha ndinatsala pang'ono kukutaya.

Chiswahilicho nditachidziwa ndinapitirira nacho malire. Utayamba sukulu unabwera tsiku lina ukulira kuti anzako akukuseka kuti ndiwe Mnyasa, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kukulankhula Chichewa. Bambo ako ankadandaula. Ankati, "Amake Tiya, mwanayu adzalankhula bwanji ndi anthu a kwawo?" Ine ndinkati adzaphunzira akakula. Pa maliro awo, azakhali ako ataimba kuchokera kumudzi n'kupempha kuti alankhule nawe, ndinakuona utagwira foni pakhutu, misozi ikutsika, ukumva zonse koma yankho osatuluka. Unangoti, "Eya, eya, zikomo," n'kundibwezera foni. Mlandu umenewo ndi wanga, si wako. Koma kumeneko ukamva munthu akulankhula Chichewa mu basi kapena mu shopu, ukamupatse moni. Chikhale chothyokathyoka, akaseka pang'ono, kenako akakufunsa kuti kwanu n'kuti. Ukanene kuti Dedza ndi Mbagala, konse kuwiri, usakasiyeko kumodzi.

Za amuna sindinena zambiri, uli ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Chimodzi chokha. Ukamamufotokozera mwamuna ntchito yako, uziyang'ana nkhope yake. Bambo ako sankamva chilichonse cha zimenezi, anali munthu wa matayala ndi mabuleki, koma iwe ukayamba kulankhula ankazimitsa wailesi, ngakhale pakhale mpira. Wosazimitsa wailesi umusiye, kaya akhale ndi madigiri angati.

Thupi lakonso ulisamale. Adokotala anandiuza zaka zisanu zapitazo kuti maondowa akufuna kupuma, ine ndinaopa kuti mabwana apeza wina, ndinapitiriza kugwada pa matailosi. Lero kukwera daladala ndimachita kudzikoka ndi manja. Palibe anandithokoza. Iwe ndimakuona ukagwira kompyuta umaiwala kudya, tiyi amazizira pambali mpaka nyerere. Nyenyezi zakozo zadikira zaka zosawerengeka, zingathe kudikira kuti umalize mbale. Kumeneko akuti kuli mphepo yolowa m'mafupa, uzivala, usamachite manyazi kuoneka ngati mtolo. Pasipoti yako usapatse munthu aliyense kuti akusungire. Aliyense, ndikutero.

Ndinati sindizungulira, koma taona masamba amene ndadzaza. Tsopano ndafika pa chimene chandikhazika pansi.

Bambo ako atamwalira zaka zitatu zapitazo, nyumba ino inandikulira. Patangopita miyezi itatu unalandira uthenga woyamba uja wa ku Kepitauni, wakuti akupatsa malo. Unabwera ukuthamanga kuchokera kumsewu, foni ili m'manja, unandinyamula m'mwamba ine mayi wako. Ndinaimba nthungululu, oyandikana nafe anatuluka. Koma pansi pamtima ndinkadziona ndikubwera kuntchito madzulo, kutsegula loko ndekha, kuphika kapu imodzi ya mpunga, kudya ndikuyang'ana khoma. Anakupatsa masabata ochepa oti utumize pasipoti, ndipo kuti upeze pasipoti pankafunika chikalata chako chobadwira cha ku Dedza ndi mapepala a bambo ako. Sabata yomweyo mvula yaikulu ya mu Epulo ija inalowa m'nyumba n'kuwononga katoni ya pansi pa bedi. Ukukumbuka, tinayanika mabuku ako padenga. Unandifunsa za envulopu yakaki ya bambo ako, ndipo ndinakuuza kuti inali mu katoni muja, inasanduka phala, ndataya.

Tiya, envulopu ija sinali mu katoni. Inali pamwamba pa kabati, youma. Ndinaitsitsa iwe uli padenga, ndinaibisa m'kati mwa bulauzi, ndipo m'mawa mwake ndinapita nayo ku Msasani n'kukaiika m'chipinda chosungira katundu cha mabwana, kuseri kwa nsalu zoyala pa bedi zimene sazigwiritsa ntchito. Sindinganamizire maliro kuti anandisokoneza mutu. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinakuona ukukwera basi ya ku Malawi kukayesa kupeza chikalata china, ndipo nkhuku ya pa ulendo ndinakukazingira ndi manja omwewa. Unabwerako patatha masabata atatu, utaonda, atakuuza kuti udikire. Tsiku lomaliza linadutsa, malo anapatsa wina.

Ndinapeza chimene ndinkafuna. Unayamba kuphunzitsa masamu ku sekondale ya ku Tandale ija, ndipo madzulo aliwonse ndinkamva mapazi ako pakhomo. Koma munthu amene ankalowa sanali iwe. Unkafika, "Shikamoo, Mama," kusamba, kudya, kuchonga makope a ana, kugona. Zithunzi za kumwamba zimene unamata kukhoma zinayamba kumatuka ndi chinyezi, sunazimatenso. Kale magetsi akazima unkathamangira panja kukayang'ana kumwamba, koma tsopano unkangoyatsa tochi ya foni n'kupitiriza kuchonga. Sunandidandaulire ngakhale tsiku limodzi. Unkandigulira mankhwala a maondo, unkandiperekeza kumanda a bambo ako. Chaka chinatha choncho, ndi theka la china. Ine Lachisanu lililonse ndinkapukuta mashelefu a m'chipinda chija, dzanja likudutsa pa envulopu.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde tikusankha mpunga. Chete uja anandilemera, ndiye ndinangofunsa kuti pamveke mawu. Ndinati, "Kodi milalang'amba yako yakale ija, imafa bwanji?"

Unayankha osadzutsa mutu, kwina Chichewa kwina Chiswahili, monga umachitira. Unati, "Siifa, Mama. Imangosiya kubala. Nyenyezi zatsopano zimapangika ndi mpweya wozizira. Malo ena mpweya woizungulira ndi wotentha kwambiri, ndipo umene inali nawo umakokoloka pamene ikudutsa m'chigulu. Ukatha, basi. Zimatsala nyenyezi zakale zokhazokha, zofiirira."

Ndinafunsa ngati ikatero imazima.

Unati, "Ayi, kuwala imawala ndithu, kwa nthawi yaitali. Kungoti chatsopano mulibe."

Kenako unataya timiyala tinali m'manja n'kunyamuka kukatsuka mpunga. Sunkanena za iwe, ndikudziwa, unkangoyankha funso. Koma ine ndinakuyang'ana kumsana ukulowa m'nyumba, mtsikana wamng'ono woyenda ngati ine wa maondo otupa, ndipo mpunga wa tsiku limenelo sunandilowe.

Lolemba ndinaitenga envulopu. Ndinabwera nayo mu daladala nditaikumbatira pachifuwa, ndipo ndinakuuza bodza lachiwiri, kuti ndaipeza itagwera kuseri kwa kabati. Unaitsegula, unatulutsa chikalata, unachitembenuza uku ndi uku. Chinali choyera, chopanda ngakhale fumbi, chikununkhira sopo wa m'nyumba za ku Msasani. Unandiyang'ana. Ndinadikira. Unangoti, "Asante, Mama," n'kulowa kuchipinda. Sabata yomweyo unayambanso kulemba makalata opempha malo.

Mpaka lero sindidziwa ngati unadziwa. Ngati unadziwa n'kukhala chete nthawi yonseyi, ndiye kuti wakhala ukundisenzera katundu amene si wako, ndipo ndikufuna umutule usanakwere ndege. Ngati sunadziwe, wadziwa tsopano. Anzako amene munayenera kuyambira limodzi ali kutali patsogolo, ndipo zaka zimenezo ndinakulanda ndine. Sindingakubwezere. Ndinalakwa, mwana wanga. Pepa.

Langizo la pamenepa n'lovuta kulilemba, koma ndilemba. Anthu amene adzakutchinga sadzakhala adani okhaokha. Ena adzakhala okukonda, ndipo adzakukazingira nkhuku. Ine ndikukalamba, ndipo mantha aja sanachoke, angogona. Lidzafika tsiku ndidzakuimbira ndi mawu ofooka, ndidzati sindingathenso, bwerako. Tsiku limenelo undimvere chisoni, ulankhule nane mpaka mtima ukhale pansi, koma sukulu usasiye. Uyambe wafunsa kwa ena ngati ndadwaladi. Kudzandiona uzibwera, tchuthi chilichonse chimene ungathe, ngakhale chimanjamanja. Koma kubwerera chifukwa ine ndikuopa kudya ndekha, ayi. Ndakuuza lero mutu uli m'malo mwake, kuti mawu a lero adzapose a tsiku limenelo.

Poyamba ndinaganiza zoika kalatayi pansi pa sutikesi, kuti ukaipeze uli kale kutali, ine ndisaone nkhope yako. Ndaona kuti kumeneko n'kubisanso. Ndiye ukangolowa ndikupatsa m'manja, ine ndikakhala kuseri ndikuchapa. Werenga mosathamanga. Ukamaliza, ngati ukufuna kukalipa bwera udzakalipe, m'chinenero chilichonse chimene mawu akubwera msanga, ndimva. Ngati ukufuna kudzitsekera, dzitsekere, sindigogoda. Ndege ndi ya mawa masana, nthawi ilipo.

Kwa mabwana sindinapemphe, ndangowauza kuti mawa sindibwera. Ngati sufuna kuti ndikuperekeze ku bwalo la ndege undiuze, nditsala, ndipo sindidzakusungira chifukwa. Koma diresi langa lobiriwira ndasita kale, ndalikoleka kuseri kwa chitseko.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine mayi wako,
Nabanda